Kachipewa ka Mabowo

Panali mtsikana wina wamng'ono. Anthu ankamutcha Kaliwiro. Dzinali linkamuyenera ndithu. Kupita kusukulu, liwiro. Kumutuma kugolosale, liwiro. Ngakhale kupempherera chakudya, liwiro lomwelo. "Ameni" wake ankafika anzake asanatsinzine n'komwe.

Kaliwiro ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake abwere kunyumba.

Mlongo wakeyo anali khanda. Anabadwa masiku ake asanakwane. Anali wochepa kwambiri. Abambo anati thupi lake lonse linkakwana m'manja mwawo. Khandalo linatsala kuchipatala. Amayi nawo anatsala komweko.

Adokotala sananene kuti mwana achira. Sananenenso kuti sachira. Anangoti onse adikire.

Kunyumba kunali zii. Mpando wa amayi unalibe munthu. Wailesi sinkalira. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ndipo zochapa sizinkauma.

Abambo anali okonza njinga. Kale ankabwera kuntchito akuimba mluzu. Tsopano ankabwera chete. Ankasamba m'manja. Ankakhala pansi. Ankangoyang'ana khoma. Kaliwiro ankachita mantha, koma ankaopa kufunsa.

Pansi pa mpando wa amayi panali dengu. M'dengumo munali ulusi wolukira. Amayi ankakonda kuluka. Ankaluka tizipewa ting'onoting'ono. Sankagulitsa ayi. Ankakapereka kuchipatala, kuti makanda asamazizidwe kumutu. Anthu enanso ambiri ankaluka n'kumakasiya kumeneko.

Amayi ankati imeneyo ndiyo ntchito yawo kwa Mulungu. Ena amaimba kwaya. Ena amasesa m'tchalitchi. Iwo mawu oimbira analibe, koma zala anali nazo.

Poluka, amayi ankanong'ona. Kaliwiro ankawamva bwinobwino.

"Lowetsa. Zunguliza. Koka. Yesu, msungeni mwana uyu."

Tsiku lina Kaliwiro anawafunsapo kuti mwana wake uti. Amayi anati sakumudziwa. Anati ndi aliyense amene adzavale kachipewako.

Tsopano Kaliwiro anakumbukira zimenezo. Anakoka dengu lija. Anasankha ulusi wachikasu. Anaganiza zolukira mlongo wake kachipewa. Adzazamo mapemphero mpaka tho. Mlongo wake akavala, achira. Akachira, abwera kunyumba.

Amayi anali atamuphunzitsapo kuluka. Koma inu, Kaliwiro ndi kukhala pansi sizinkagwirizana. Anangophunzira theka, n'kuthamangira kosewera. Singano za amayi nazo zinali zazitali. Zinkamupulumuka m'manja.

Abambo anamuona akulimbana nazo. Mawa lake anabwera ndi masipoko awiri a njinga. Anali atawadula kuti afupike. Anali atawasalaza kunsonga kuti asamubaye. Anamuikira pamiyendo, n'kupita kukasamba m'manja.

Kaliwiro anayamba kuluka. Nayenso ankanong'ona. Koma pemphero lija analisintha pang'ono.

"Lowetsa. Zunguliza. Koka. Yesu, msungeni mlongo wanga."

Sankanena kuti "mwana uyu" ayi. Ana a eni ali ndi abale awo. Awapempherere okha. Kachipewa aka kanali ka mlongo wake basi.

Analuka mwaliwiro. Ulusi unkapulumuka. Apa bowo. Apo bowo. Kaliwiro anakweza kachipewako m'mwamba. Anaona denga kudzera m'mabowomo. Misozi inayamba kutsika. Anauza abambo kuti mapemphero ake onse athera pansi, chifukwa agwera m'mabowo.

Abambo anakhala naye pafupi. Anamuuza kuti kuthamanga sikufika. Kenako anatenga mpira wa ulusi uja n'kumugwirira.

Kaliwiro anamasula zonse. Anayambiranso.

"Lowetsa. Zunguliza. Koka. Yesu, msungeni mlongo wanga."

Zala zinamuwawa. Khosi linamuwawa. Anzake ankamuitana panja, iye osatuluka. Madzulo aliwonse abambo ankamugwirira ulusi. Manja a okonza njinga sayera, ngakhale uwasambe ndi sopo wotani. Choncho pa ulusi wachikasu uja panatsala banga lakuda la oyilo.

Kachipewa kanatha. Kanali kopendekeka. Mabowo ena anatsalabe. Banga lakuda linali pambali. Kukongola ayi, sikanali kokongola. Koma munali mapemphero ochuluka zedi.

Loweruka Kaliwiro ndi abambo anapita kuchipatala. Mvula inkagwabe. Anadutsa m'khonde lalitali lonunkha mankhwala. Pamabenchi panali anthu ambiri, onse nkhope zakugwa.

Pakhomo la chipinda cha makanda anapeza anamwino. Anamwinowo anati ana saloledwa kulowa. Anatinso kachipewa kalikonse kamayamba kachapidwa. Kaliwiro anapereka kachipewa kake ndi manja awiri. Ananena kuti ndi ka mlongo wake. Ananena kawiri. Koma m'kati khanda lina linali kulira. Anamwino anangogwedeza mutu, n'kulowa msangamsanga.

Patapita masiku anabweranso. Ulendo uno abambo anamunyamula. Anamuonetsa pazenera lalikulu lagalasi.

M'chipindamo munali timabokosi tagalasi. M'kabokosi kalikonse munali khanda. Amayi anali m'kati. Anali ataonda. Maso awo anali otopa. Anamwetulira pang'ono, n'kuloza kabokosi kamodzi.

Kaliwiro anamuona mlongo wake. Timanja take tinali ngati timitengo ta machesi. M'mphuno munali kapaipi. Kachifuwa kake kankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika.

Kumutu kwake kunali kachipewa kobiriwira.

Kaliwiro anayang'anitsitsa. Kobiriwira. Sikanali kake ayi.

Anayang'ana kabokosi kapambali. Munali khanda lina. Kumutu kwake kunali kachipewa kachikasu. Kopendekeka. Kamabowo. Banga lakuda lija silinachoke n'kuchapa komwe.

Mtima wa Kaliwiro unasweka. Anatsika m'manja mwa abambo. Anathamanga mpaka kumapeto kwa khonde. Anakhala pansi pafupi ndi khoma lozizira. Analira. Anakwiyira anamwino. Anakwiyira khanda la eni lija. Zoona, anakwiyira khanda losadziwa kanthu.

Amayi anatuluka. Ankayenda pang'onopang'ono. Anakhala pansi pomwepo, pambali pake.

"Amayi, mapemphero anga onse apita kwa mwana wa eni," anatero Kaliwiro. "Mlongo wanga alibe ngakhale limodzi. Akamwalira, ndiye kuti wolakwa ndine."

Amayi anamukumbatira mwamphamvu. Nawonso misozi inali mbwe. Anamuuza kuti asadzanenenso zimenezo, chifukwa si zoona.

Anamwino aja anabwera. Anagwada kuti afanane naye msinkhu. Anapepesa. Anafotokoza kuti kachipewa kachikasu kanali kakakulu. Mlongo wake akanavala, kakanamutseka mphuno. Khanda linalo mutu wake unali wokulirapo, ndipo linalibe chovala kumutu.

Amayi anafunsa anamwino kuti analuka kobiriwira kaja ndani. Anamwino anati sakudziwa. Anangokapeza m'dengu la tizipewa.

"Wamva, mwanangu?" anatero amayi. "Munthu wina anakhala pansi n'kuluka. Satidziwa. Ife sitimudziwa. Koma mlongo wako akufunda ndi ntchito ya manja ake. Yesu sasokoneza mitu ya ana."

Kaliwiro anamva. Koma mtima unali ukuwawabe. Iye ananena kuti "mlongo wanga". Ananena momveka bwino, pa ulusi uliwonse. Nanga pemphero lotero lingagwire bwanji ntchito pamutu wa mwana wina?

Pabenchi yapafupi panali mayi wina wachitsikana. Anavala juzi yakutha m'zigongono. Anali yekhayekha. Amayi anati chibwerereni palibe amene anadzamuona. Mayiyo anamva zonse. Anadzuka, n'kubwera mwamanyazi.

Anafunsa Kaliwiro ngati ndiye analuka kachikasu kaja. Kaliwiro anavomera ndi mutu, nkhope ili kumbali. Mayiyo anati khanda lovala kachipewako ndi lake. Ndi mwana wamwamuna. Ndi woyamba. Anabadwa mwadzidzidzi, kanthu kalikonse kasanakonzedwe.

Kenako anafunsa kuti poluka ankapemphera kuti chiyani.

Kaliwiro anayankha motsitsa mawu. "Ndinkati, Yesu, msungeni mlongo wanga."

Mayi uja anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

"Mwana wanga alibe mlongo," anatero. "Alibe aliyense, koma ine ndekha. Ngati unanena choncho, ndipo kachipewako kali pamutu pake, ndiye kuti nayenso ndi mlongo wako. Kodi ungamukane?"

Kaliwiro anayang'ana amayi ake. Amayi anangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kaliwiro anaimirira. Anapempha abambo kuti amunyamulenso. Anayang'ana pazenera paja. Anayang'ana wa kachipewa kobiriwira. Anayang'ana wa kachipewa kachikasu. Wachikasuyo anayasamula. Kukamwa kwake kunalibe dzino ndi limodzi lomwe.

"Sindimukana," anatero Kaliwiro.

Anabwerera kunyumba mvula ikuwazabe. Nyumba inali yozizira. Kaliwiro anakoka dengu lija. Anasankha ulusi wina. Abambo anamugwirira.

"Lowetsa. Zunguliza. Koka. Yesu, asungeni alongo anga."

Masiku otsatira anali ovuta. Tsiku lina abambo anabwera maso ali psu. Anati mwana wavutika kupuma. Chakudya sichinadyedwe tsiku limenelo. Kaliwiro analira, koma sanasiye kuluka. Abambo nawo anayamba kunong'ona naye limodzi.

"Lowetsa. Zunguliza. Koka. Yesu, asungeni."

Kachipewa kena kanatha. Anakapereka kwa anamwino. Sanafunse kuti avala ndani. Anayamba kena.

Tsiku lina abambo anati mwana wayamba kuyamwa. Tsiku linanso anati kapaipi kaja achotsa. Kaliwiro ankaopa kusangalala. Ankangoluka.

Ndiye m'mawa wina chitseko chinatseguka. Analowa abambo atanyamula chikwama. Pambuyo pawo panali amayi. M'manja mwa amayi munali kabulangete. M'kabulangetemo munali mlongo wake.

Kaliwiro anaima chilili.

Amayi anakhala pampando wawo. Anavundukula kabulangete. Mwana anali atanenepa masaya. Kachipewa kobiriwira kaja sikankamukwananso. Kanangokhala pamwamba pa mutu ngati chitsekerero cha botolo. Amayi anakakokera pansi. Kanabwerera m'mwamba. Anakakokeranso. Kanagwa pansi.

Amayi anati mutu umenewu ndi wa bambo ake, palibe wokana. Abambo anagwira mutu wawo. Anaseka mpaka kukhosomola.

Kaliwiro anafunsa za mlongo wake winayo. Amayi anati nayenso watuluka. Ali bwino. Amayi ake alonjeza kubwera naye Lamulungu, kuti adzaone mlongo wake Kaliwiro.

Kenako amayi anauza Kaliwiro kuti asambe m'manja. Anamuuza kuti akhale pansi. Anamuikira mwana pamiyendo.

Anali wofunda. Anali wolemera kuposa mmene Kaliwiro ankaganizira. Anatsegula maso, n'kumuyang'ana.

"Ndine mlongo wako," ananong'ona Kaliwiro. "Koma usachite nsanje. Mulipo awiri."

Mwana anamugwira chala. Anachigwira zolimba, osachisiya.