Pansi pa Tebulo la a Paulino

Fanuel anali atadzipinda pansi pa tebulo la a Paulino, aphunzitsi a Chingerezi, mawondo atafika kuchibwano. Analowa m'chipindamo nthawi yopuma, atasolola kiyi m'chikwama cha Felizarda, mtsikana amene aphunzitsiwo ankamusungitsa kiyiyo. Anali atangomatula envulopu ya mayeso a mawa pamene anamva mapazi pakhonde. Kothawira kunalibe, pakuti mawindo onse anali ndi zitsulo.

A Paulino anakhala pampando, nsapato zawo pafupi ndi mphuno yake. Chinkamubisa ndi nsalu ya patebulo basi.

"Wasiyanso chitseko chosakiya, Felizarda?"

"Mwina ndinaiwala, aphunzitsi."

"Uzisamala. Mawu akukuvutawo ndi ati?"

"Awa, creep. Ndawapeza malo anayi, koma paliponse akukamba zina."

A Paulino anaseka. "Ndi mawu oyenda mwaulesi, koma ntchito ali nazo zambiri. Mwana akamakwawa, ndi amenewo. Mphaka akamanyang'ama kulondola khoswe, ndi omwewo. Dzungu likamayanga mpaka m'munda wa eni, omwewonso."

"Dzungu limayenda ngati?"

"Unaliona likuyenda? Koma ubwere Loweruka, ulipeza lafika. Kafunse bambo ako kunjanji kuja. Nayo njanji imasuntha pang'onopang'ono sitima za ku Nampula zikamadutsa, ndipo dzina lake ndi lomweli."

Nyerere zinayamba kukwera mwendo wa Fanuel. Analuma mlomo, thukuta likulowa m'maso.

"Nanga apa akutchula munthu?" anafunsa Felizarda.

"Ameneyo ndi wozembera anzake, woti akakuyandikira thupi limachita tsemwe."

Kenako Fanuel anamva pepala likukhwekhwereza pamwamba pa mutu wake.

"Wamatula envulopuyi ndani?" Mawu a aphunzitsi anali atauma.

"Sindikudziwa!"

"Kiyi umasunga ndiwe. Ali kuti?"

Felizarda anakhuthula chikwama chonse patebulo, mabuku ndi zolembera. Kiyiyo anali m'dzanja la Fanuel, atatentha ngati khala.

"Tiye kwa a diretori, akulu a sukulu ino. Mawa sulemba nawo."

Fanuel anawerengera msanga. Awiriwa akangotuluka, chitseko chitsala chosakiya. Atuluka bwinobwino, kiyi akamuponya m'chimbudzi, nkhani yatha. Mpando unakokedwa. Mapazi anayamba kulowera kuchitseko.

"Aphunzitsi, chonde," Felizarda anayamba kulira. "Bambo akamva zimenezi andisiyitsa sukulu. Akanditumiza kwa azakhali ku Etatara kukalima."

Fanuel anakankha nsalu ija. Anafuna kuimirira, koma miyendo inali itachita dzanzi, ndipo anagwa chafufumimba, kiyi nkugwera pasimenti.

A Paulino anamuyang'ana.

"Bambo Fanuel, mwamvera phunziro lonse osapereka ndi moni womwe?"

"Ndine ndamatula, aphunzitsi. Kiyi ndinachita kumubera. Iyeyu sakudziwa kanthu."

"Mawa ubwere ndi makolo ako. Mayeso ndikonza ena, ndipo kalasi yonse ukaiuza wekha chifukwa chake."

Aphunzitsi anatola envulopu ija nkutuluka. Felizarda analongedza mabuku ake limodzilimodzi, napukuta maso ndi kolala ya yunifomu. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Ndikanapanda kulira, ukanatuluka?"

Fanuel anangokhala pasimenti pomwepo, akusisita miyendo.