Mgolo wa Jasper Yeo

Chaka chimene malungo anapulula anthu m'mbali mwa mtsinje wa James, Barnaby Tull anagwira dzanja la mnzake Jasper Yeo, amene anali kutsirizika, n'kulonjeza. Awiriwa anali atalima fodya limodzi zaka zisanu, munda umodzi, mphika umodzi. Jasper anapempha chinthu chimodzi chokha: "Achimwene, musandisiye m'matope muno. Mafupa anga akagone kwathu ku Bideford, kutsidya la nyanja, pafupi ndi amayi."

"Ndikakutula ndekha," anatero Barnaby.

Izi si nthano ayi. Mayi Grissel Pym, amene ankasunga kiyi wa chigafa cha padoko, anazinena mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo sanali munthu wothira mchere nkhani.

Amalinyero sakwera ngalawa imodzi ndi maliro. Choncho patatha chaka Barnaby anafukula mafupawo, nawakulunga m'masamba a fodya, nawatsekera mumgolo wofanana ndi migolo ina yonse, pamwamba n'kuwotchapo chizindikiro cha Jasper. Analembera kalata Thomasine, mlongo wake wa malemuyo, kuti akonzeretu manda. Koma tsiku lokweza katundu, kaputeni Harle anati malo atsala a mgolo umodzi basi. Padoko panatsala iwiri: wa Jasper, ndi wa fodya wa Barnaby, fodya wonona amene sanakololeponso chibadwire. Barnaby anayang'ana uwu, anayang'ana uwo. Unakwera wa fodya.

Ku Bideford Thomasine anali padoko atavala zakuda, dzenje litakumbidwa kale. Lilime la Barnaby linathamanga lokha: mgolo unakwera ndithu, koma kaputeni anauponya m'nyanja kutabwera namondwe. Thomasine anakasumira kaputeniyo. Harle anakana mpaka kulira, kuti mgolo wotero sanauonepo. Barnaby anaika dzanja pa Baibulo n'kulumbira. Eni ngalawa anachotsa Harle ntchito, ndipo iye anafa akusenza matumba a anthu padoko.

Zinapita zaka makumi awiri ndi zitatu Barnaby asanabwerere kumtsinje kuja. Anapeza nkhalango imene ankaikumbuka itasanduka zitsa, nthaka itayera mbuu ngati phulusa, fodya ataidya n'kuilavula. Anthu atsopano ankamupitirira osapereka ndi moni womwe. Anamuzindikira ndi Mayi Pym okha.

"Barnaby Tull! Mimba yakula, tsitsi lathawa. Mwabwera kudzatenga mlendo wanu uja?"

"Mlendo wanji, mayi?"

"Musandinamize, ndinakuonani muli ndi chigamba kumatako. Mgolo wanu watitopetsa." Anatsitsa mawu. "Ngalawa yakwanu ikangokocheza, m'mawa mwake timaupeza kunsonga kwa doko, utaima chilili ngati munthu wodikira ulendo. Chitseko chokhoma, kiyi ali m'khosi mwangamu. Amuna anga anaugubuduza kuubwezera mpaka msana unawathera."

"Bwanji osaukwirira?"

"Tinaukwirira kawiri."

Barnaby analowa m'chigafamo dzuwa lili pamutu. Kunja ana ankasewera, nkhuku zikulira, koma atangodutsa pakhomo zonse zinamveka ngati zili kutsidya la mtsinje. Munali fungo la fodya wongoumitsidwa kumene, lokoma, losayenera mgolo wazaka zonsezo. Pansi, m'fumbi, munali mkwasa wosalala wochokera pakona kukafika pachitseko. Mapazi a munthu panalibe.

Mgolo unali pakonapo. Matabwa ake anali akuda, koma chizindikiro cha Jasper chinkaoneka ngati achiwotcha dzulo.

Barnaby anavula chipewa.

"Jasper. Ndine."



Kenaka kugogoda. Kamodzi. M'kati.

Mgolo unapendekeka pang'onopang'ono, nugona cham'mbali. Unagubuduka kamodzi, n'kudzaima pa nsapato zake. Sunamupweteke. Unangotsamira, monga amachitira galu amene mbuye wake wabwera.

"Wakudziwani," ananong'ona Mayi Pym ali pakhomo. "Ngalawa inyamuka Lachisanu. Malo alipo, ndafunsa kale."

Barnaby anavomera ndi mutu, ndipo ankanenadi zoona. Koma masiku atatu ndi ambiri kwa munthu woganiza. Ku Bideford anali mkulu wampingo tsopano. Thomasine ankamupatsa moni Lamulungu lililonse, ndipo chaka ndi chaka ankapita kugombe kukapempherera mlongo wake amene ali pansi pa nyanja. Mkazi wa Harle ndiye ankachapa malaya a banja la Barnaby. Barnaby anaona m'maganizo mgolowo ukutsitsidwa padoko lakwawo, wouma gwa, anthu akuwerenga chizindikiro, kenaka onse akutembenukira kwa iye.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu. Barnaby anakwera ndi bokosi lake la zovala.

"Katundu wanu ndi yemweyu, bwana?" anafunsa wamalinyero.

"Ndi yemweyu."

Atangomasula zingwe, phokoso linayamba kumtunda. Gudu. Gudu. Gudu. Thabwa ndi thabwa, losafulumira. Amalinyero anasiya kuyimba. Wina anafunsa kuti akugubuduza mgolo ndani ngalawa itachoka kale. Fungo la fodya linadzaza ngalawa yonse.

Phokoso linafika kunsonga kwa doko. Linaleka.

"Bambo Tull!" Anali mawu a Mayi Pym m'nkhungumo. "Bambo Tull, mwaiwala!"

Mayi Pym ankati nkhungu itang'ambika pang'ono anamuona bwinobwino Barnaby ataima pangalawapo, manja atagwira chingwe, nkhope italoza kunyanja. Sanacheuke.

Barnaby Tull anamwalira ku Bideford patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anamuika m'manda a patchalitchi, mizere iwiri kuchokera pamene anagona amayi a Jasper. Mafupa a Jasper Yeo sanawoloke nyanja.