Kamaiki ka M'kati mwa Malaya

Lamulungu limenelo apampando a kwaya anawaimitsa a Ezekiele pakhomo la tchalitchi, anthu akutuluka. Natasha anali kumbuyo kwa bambo akewo, atanyamula thumba la chitoliro, ndipo anamva zonse. Apampando ananena maso ali pansi kuti chitoliro sichikufikanso kumabenchi akumbuyo. Chikapanda kumveka sabata yamawa, nyimbo ya zopereka aipereka kwa mnyamata wa kiyibodi.

A Ezekiele anangoti amva. Chitoliro chansungwicho anasema okha Natasha asanabadwe, ndipo kuzungulira Mua munthu akati "a Chitoliro" ankanena iwowo. Koma chiyambire kukolola mpunga ku Bwanje ankangotsokomola, mpweya nkumawathera nyimbo ili pakati. Za chipatala sankafuna kumva. Ankati ndi fumbi la mpunga, ndipo Natasha ankavomera msangamsanga, chifukwa nayenso ankafuna kuti likhale fumbi basi.

Tsiku lina poweruka kusukulu, Natasha anakwera minibasi kupita ku Mtakataka kwa Ibrahimu, wokonza mafoni yemwe ankabwereketsanso masipika pa maukwati. Ibrahimu anatulutsa timaiki tiwiri topanda nthambo. Koyamba kanali ndi khosi lalitali lopindika. Kankapanidwa pa chitoliro penipeni, mutu wake nkuwerama pafupi ndi bowo louzirapo. Kachiwiri kanali kangati njere ya mtedza, kaja amapana pakolala alaliki a m'misika.

Ibrahimu anati ka khosi lalitaliko ndiye koyimbira. Kachiwiriko ndi kolankhulira, ndipo kamatola chilichonse chili pafupi nako, ngakhale kulira kwa m'mimba mwa m'busa.

Natasha sanaseke. Ankayang'ana ka khosi lalitali kaja. Pa chitoliro kakanaoneka ngati kakowa atatera pa bango, ndipo tchalitchi chonse chikanadziwa kuti a Chitoliro atha, akuyimba mothandizidwa. Bambo ake sakanalola. Iyenso sakanapirira kuona mnyamata wa kiyibodi akumwetulira. Choncho anafunsa ngati kakang'onoko kangagwire ntchito kali m'kati mwa malaya.

"Kagwira, achemwali," anatero Ibrahimu. "Koma mukubisa chiyani?"

Natasha anangotenga kakang'onoko.

A Ezekiele anavomera pokhapokha atatsimikiza kuti sikaoneka. Kuyeserera anakana, poopa kuti wina angawapezerere. Lamulungu m'mawa Natasha anakapana pa vesiti yawo, pachifuwa penipeni, nkumanga mabatani onse mpaka m'khosi. Kabokosi kolandira mawu anakalumikiza yekha ku makina a masipika, Misa isanayambe.

Nthawi ya zopereka inakwana. Amayi anandanda pakati pa tchalitchi, atasenza madengu a mpunga ndi maungu. A Ezekiele anaimirira, naika chitoliro pamlomo, nakoka mpweya.

M'masipika munatuluka phokoso ngati la sowo yodula mtengo wauwisi. Chitoliro chinabwera pambuyo, chowonda, ngati chikulira kutsidya kwa dambo. Atakokanso mpweya, phokoso lija linabwerera, ndipo pansi pake panali kamluzu ndi kubwata, ngati m'chifuwamo muli madzi. Ana a kutsogolo anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Amayi aja anaima pomwepo, madengu ali kumutu.

Natasha ankalidziwa phokosolo. Kunyumba linkadutsa khoma m'bandakucha, iye nkufunda chitenje kumutu mpaka litaleka kumveka. Apa panalibe chitenje. Chifuwa cha bambo ake chinadzaza tchalitchi chonse, mpaka kumabenchi akumbuyo kumene chitoliro sichinkafika.

A Ezekiele anayesa kupitiriza, maso atatsinzina. Kenako chifuwa chinawagwira, ndipo masipika anagunda ngati bingu. Natasha anathamanga nkukazula kabokosi kaja.

Anawatulutsa panja, nawakhazika pansi pa mtengo wa mango. Atapezako mpweya anapukuta pakamwa, nkupinda kansalu kawo mofulumira. Natasha anali ataona kale kufiira kwake.

"Ameneuja anali ine?" anafunsa a Ezekiele.

"Munali inu, ababa."

A Ezekiele anayang'ana chitoliro chili pamiyendo. Apampando anatuluka, koma za nyimbo sanatchule. Anangoti aitana kale wa kabaza. A Ezekiele anayamba kunena za fumbi la mpunga, koma Natasha anawamasula batani la m'khosi, nachotsa kamaiki kaja.

"Tiyeni, ababa. Aliyense wamva. Nanenso ndamva."

Kuchipatala anawagoneka tsiku lomwelo. Namwino atamvetsera chifuwacho anafunsa Natasha kuti zinayamba liti. Atamuuza, namwinoyo anamuyang'ana nthawi yaitali, nkufunsa kuti nanga masiku onsewa anali kuti. 

Sabata yotsatira nyimbo ya zopereka inayimbidwa ndi kiyibodi. Natasha sanaimve, chifukwa anali pambali pa bedi, thumba la chitoliro lili pansi pa pilo. Atapeza mpata anabweza kamaiki ku Mtakataka. Ibrahimu anafunsa ngati kanagwira bwino ntchito.

"Kanagwira," anatero Natasha. "Sikanabise kanthu."

Anatuluka nkukaima pamsewu, kudikira minibasi yobwerera kuchipatala.