Kope Lotembenuzira Dalaivala

Inspekitala anafika panyumbapo Lachinayi nthawi ili 4:40 madzulo. Inali nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa msewu wafumbi, kuseri kwa galaja. Fungo linamulandirira pakhomo pomwe, la mankhwala otsukira zilonda losakanikirana ndi la mnofu wowola. Zaka 26 ali pantchito zinali zitamupha mphuno, koma tsikuli anayamba waima kaye.

Malemuyo anali bambo wa zaka 58, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Dalaivala ngakhale panali patatha zaka zitatu chigwirireni chiwongolero. Anagonera mbali ya kumanzere, nkhope italoza kuchitseko, pilo wina pakati pa mawondo, wina kumsana, zidendene zili pa thaulo lopindidwa patatu. Pachiuno panali bandeji yoyera. Ukanati munthuyo ali m'tulo pakanapanda timadontho tofiira m'maso ndi mlomo wong'ambika mkati, zimene dokotala woyeza mitembo analoza ndi cholembera.

"Uyu achita kumutseka mphuno ndi pakamwa," anatero dokotalayo. "Ndi pilo, ndikuganiza. Pakati pa 1 ndi 2 koloko."

Mkazi wa malemuyo anakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osalira. Anafotokoza kuti anachoka 12:30 kukagula mabandeji ku famase ya m'tauni, ndipo atabwera 4 koloko anapeza amuna ake atazizira. Chitseko sankakhoma, poti munthu wosayenda sumutsekera m'nyumba. Amuna akewo anagwa pamwamba pa basi akumanga katundu n'kuthyoka msana, thupi lonse kuyambira pachifuwa kutsika linafa. Kuchipatala anagona milungu isanu popanda wowatembenuza, ndipo anatuluka ndi zilonda zitatu zogonera, chimodzi chozama mpaka fupa kuonekera. Banjalo linasumira chipatalacho kuti chipereke chipukuta misozi. Mlandu unali woti ulowe Lolemba.

"Alipo anabwera kuno lero, mayi?"

"Namwino wa kuwodi yawo ija. Anabwera m'mawa."

Pamsomali wapafupi ndi bedi panapachikidwa kope la ana asukulu. Loya wa banjalo ndiye anauza mayiyo kuti azilembamo nthawi iliyonse akatembenuza wodwalayo, chifukwa achipatala ankanena kuti zilondazo zinayambira kunyumba. Maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, panali mzere wake: nthawi, mbali, ndi siginecha. Makope ena khumi ndi limodzi odzaza anali m'katoni pansi pa bedi. Mzere womaliza unati: 12:00, kumanja.

Sajeni, mayi wachangu amene ankagwira ntchito ndi Inspekitala, anaona kuti nkhaniyo yatha kale. Munthu waphedwa kutatsala masiku anayi kuti akaime m'khoti, wopindula ndi chipatala, ndipo mtembo waikidwa mwaluso ngati mmene amaphunzitsira kusukulu ya anamwino. Inspekitala sanatsutse. Nayenso ankalakalaka zitakhala choncho.

Namwinoyo anamubweretsa kupolisi Lachisanu 9 koloko m'mawa. Anali mwamuna woonda, wa maso ofiira ndi tulo. Anavomera kuti anapitadi kunyumbako, anafika 10:30 n'kuchoka 11:15.

"Munakatani?" anafunsa Inspekitala.

"Ndinakawauza kuti sindikaperekanso umboni."

"Umboni wanji?"

Namwino anayang'ana patebulo. Ananena kuti nthawi imene Dalaivala anali m'wodi, iye ankakhala yekha ndi odwala makumi anayi. Pepala lotembenuzira odwala ankalisaina lonse kamodzi poweruka, mizere yonse mbwee, wodwalayo ali chigonere pomwe anamusiya dzulo lake. Analonjeza banjalo kuti akanena zimenezi m'khoti, koma mabwana ake anamuitanira muofesi n'kumukumbutsa kuti ali ndi ana anayi.

"Mwina kuwauza sikunakwane, munaona kuti bola muwatseke pakamwa," anatero Sajeni. "Kenako n'kuwagoneka bwinobwino ngati mmene munaphunzirira."

Namwino anaseka kuseka kowawa. "Mayi, ine munthu uja ndinalephera kumutembenuza ali moyo. Ife timatembenuza papepala."

Buku lapageti la kuchipatala linaonetsa kuti analowa 11:58, ndipo anzake atatu anali naye mpaka usiku. Anamumasula 1 koloko masana, ndipo anatuluka akuwoneka ngati akanakonda kutsekeredwa.

Ofesi ya loya inali pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Loyayo, yemwe ankalankhula uku akusakasaka magalasi amene anali pamphumi pake, ananena kuti mlanduwo sukanalowa Lolemba. Kalaliki wa kukhoti anamuuza Lachinayi m'mawa kuti failo yasowa, ndipo auimitsanso kachisanu ndi chiwiri mpaka chaka chamawa. Iye anaimbira mayiyo foni 12:10 kuwauza zimenezi. Anawauzanso mosabisa kuti popanda namwino uja, achipatala adzaloza chala iwowo kuti ndi amene anawoletsa amuna awo.

Inspekitala anapempha zithunzi za mufailo ya loyayo. Zinali zoposa makumi asanu, zojambulidwa kunyumba kuja mwezi ndi mwezi. Chilonda chinkakula pachithunzi chilichonse. Iye sanayang'ane kwambiri chilondacho, anayang'ana kumapazi. Pazithunzi zonse zidendene zinali pa thaulo lopindidwa patatu.

Lipoti la dokotala linafika Loweruka m'mawa. Magazi a pamlomo anadontha pansalu ya bedi mbali ya kukhoma, kusonyeza kuti Dalaivala anafa atagonera kumanja. Bandeji ya pachiuno inali youma gwa, pamene chilonda chotere pa munthu wamoyo chimanyowetsa bandeji m'mphindi zochepa. Wina anamutsuka chilonda, kumumanga bandeji ndi kumutembenuza atafa kale. Makaniko wa pagalaja anakumbukira kuti mayiyo anadutsa 2 koloko itapitirira, ndipo lisiti la ku famase linali la 2:55.

Inspekitala anakhala nthawi yaitali lipotilo lili m'manja. Pa milandu yonse imene anagwirapo, sipanakhale umene anadana nawo ngati umenewu.

Mayiyo analowa m'chipinda chofunsira mafunso 3:30 masana. Munali tebulo, mipando itatu ndi wotchi yakhoma. Inspekitala anatsegula kope lija n'kuliika patsogolo pake.

"Mayi, apa mwalemba kuti 12 koloko munawagoneka kumanja. Ife tinawapeza kumanzere. Anatembenuka okha?"

"Sankatha, bwana."

"Chigawenga chikapha munthu chimathawa. Sichitsuka chilonda, sichiika pilo pakati pa mawondo. Ndipo amene ankadziwa kuti 2 koloko ndi nthawi ya kumanzere ndi mwini kopeli. Makope khumi ndi awiri, mayi, ndawawerenga onse. Palibe mzere munadumphapo, koma uwu wokha."

Mayiyo anasisita mzere wopanda kanthuwo ndi chala. Manja ake anali okhakhala, osweka ndi sopo.

"Ndinagwira cholembera," anatero. "Koma m'kope ili sindinalembemo bodza chiyambire. Ndikanalemba kuti ndatembenuza ndani?"

Zotsalazo anazifotokoza yekha, mosadodoma, Sajeni akulemba. Kale anali telala, makina anagulitsa chaka choyamba. Chigonereni amuna ake, iye anali asanagonepo maola atatu otsatizana. Madokotala anali atanena kale kuti matenda alowa m'fupa ndipo bamboyo sangaone chaka china. Dalaivala ankadziwa, koma ankaumirira moyo chifukwa cha chinthu chimodzi. Za ndalama analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankafuna kuti amunyamule pa machira mpaka m'khoti, amuvule malaya, woweruza aone msana wake, ndipo wina wa kuchipatala anene pagulu kuti tinalakwa. Malaya oti akavale Lolemba anali atasitidwa kale.

Lachinayi lija namwino anabwera kudzabweza mawu ake. Kenako foni ya loya inalira, ndipo mayiyo anaiika pa sipika monga ankachitira nthawi zonse kuti amuna ake azimva okha. Bamboyo anamva zonse, mpaka zoti mlandu udzatembenukira mkazi wake.

"Loya anadula foni. Kenako anati, amayi, mwanditembenuza mokwanira, ndipumitseni nanunso mupume. Ndinakana. Anandipempha kanayi, bwana, akulira. Bambo aja sanalirepo ngakhale tsiku limene ankawapala chilonda."

"Ndiye munatenga pilo."

"Ndinatenga pilo."

"Nanga kuwatembenuza kuja?"

"Ndinakhala pambali pawo osadziwa chochita. Nditayang'ana wotchi ndinaona kuti 2 yakwana. Manja anangoyamba okha. Ndinazindikira nditamaliza kupinda thaulo."

Mayiyo anafunsa funso limodzi lokha, ngati mlandu wa chipatala upitirirebe. Inspekitala akanatha kumunamiza, koma sanatero. Anamuuza kuti achipatala tsopano adzanena kuti munthuyo sanafe ndi zilonda, ndipo pepala la dokotala lidzawavomereza. Woweruza amene sanapeze tsiku loonera msana wa Dalaivala kwa zaka zitatu adzapeza tsiku la mayiyo sabata yamawa yomweyi. Mayiyo anangogwedeza mutu ngati amene wamva mtengo wa chinthu chimene sankafuna kugula.

Sajeni anamupatsa chikalata kuti asaine. Siginecha yake inali yomwe ija ya m'makope, yaing'ono ndi yopendekera. Inspekitala anayamba kumuuza mlandu umene akumuzenga, koma asanamalize mayiyo anadzambatuka pampando, maso ali pakhoma. Wotchi inali pa 4 koloko.

"Pepani bwana, yakwana nthawi yoti ndikawa..."

Sanamalize. Anaima choncho manja atatambasula pang'ono, kenako anakhala pansi mwakachetechete n'kuwabweza pamiyendo. Inspekitala anatseka kope lija n'kuliika m'thumba la umboni.