Chidindo cha Wull Spink

Effie Swankie anachoka pa positi ofesi ya kudoko usiku utapita kale, kalata ikadali m'manja. Anali atagogoda mpaka zala kuwawa, koma bambo Petrie, mkulu wa positi, anali atakhoma n'kupita kukatsanzikana ndi chaka pa botolo la wisiki. Linali tsiku lomaliza la 1891.

Vutoli analiputa yekha Effie. Zaka zitatu Dougal Mearns akumufunsira, iye yankho lake "tiona". Mwamuna uja zinamukwana, ndipo analemba kuchokera ku Dundee kuti: "Inde wako akapanda kubwera ndi chidindo cha chaka chino, ndikulembetsa pa sitima yosaka anangumi, sudzandionanso." Kunena zoona, Effie ankamukonda kwambiri Dougal, kungoti kunyengereredwa kunkamukomera. Tsiku lonselo anatanganidwa ndi kuwamba nsomba, n'kumati nthawi ilipo.

Njira ya kwawo inkadutsa m'mbali mwa manda a asodzi, pamwamba pa phompho. Kumusi m'tauni anthu ankaimba. Kumtunda kuno kunali zii. Chisanu chokhachokha.

Kenako kumbuyo... tswa, tswa, tswa. Anaima. Mapazi aja anaimanso. Anayenda. Anayambiranso!

"Pali za positi?"

Effie anangotsala pang'ono kukomoka. Pachipata cha manda panaima nkhalamba yovala chikhoti chonyowa, chikwama chachikopa chili paphewa.

"Mwandiopseza, agogo! Kupositi atseka."

"Atseka iwowo. Bweretsa kuno." Inaiyang'ana kalatayo n'kupukusa mutu. "Ana a masiku ano! Sitampa wamata bwanji iyi? Mfumukazi waiimika chadodolido, ukufuna ichite chizungulire?"

Effie anaseka. Nkhalambayo inatulutsa chidindo chachitsulo, inatembenuza timanambala ndi chikhadabo, n'kuchiuzira mpweya monga amachitira a positi inki ikauma. Apa m'pamene Effie anaona chachilendo. Mpweya wake unkatuluka m'kamwa ngati utsi chifukwa cha chisanu. Koma wa nkhalambayo... osaoneka n'komwe.

Inasanjika kalata pamwala wa manda. Phaa!

"Chikadali chaka chino," inatero. "Thamanga kwanu, mtsikana iwe. Mkwatibwi wa chimfine sasangalatsa."

Mabelu a tchalitchi anayamba kulira, kulonjera chaka chatsopano. Effie anacheukira kutauni, n'kubweza maso. Panalibe munthu. Kalatanso panalibe. Liwiro limene anathamanga usiku umenewo, ngakhale hatchi ikanagonja.

Patapita masiku awiri Dougal anatulukira, mano onse pamtunda, envelopu ili m'manja.

"Iwe, unatuma ndani? Ndinaipeza m'thumba la jekete m'mawa wa Chaka Chatsopano, ndikupisa kuti nditenge cholembera ndisayine za sitima ija. Yonyowa, yonunkha nyanja! Paja tsiku limenelo positi siyenda."

Effie atamufotokozera za nkhalamba ija, anatengana ulendo wa kwa bambo Petrie, omwe anali akadali ndi matsire. Bambowo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa chidindo cha pa envelopuyo. Dzina la tauni yawo linali ndi mng'alu pakati.

"Ichi ndi cha Wull Spink," anatero motsitsa mawu. "Anamira nacho bwato la makalata litagubuduzika polowera padoko, mu 1868. Thupi lake tinakaliika kumanda a asodzi, ine ndinanyamula nawo bokosi. Chikwama ndi chidindo sizinapezeke." Anakanda ndevu. "Chondidabwitsa n'chakuti tsiku wadinda lolondola. Ali moyo ankalakwitsa sabata iliyonse."

Effie anangoti khwethe pa thumba la makalata. Dougal anavula chipewa, kenako anamugwira dzanja.

"Basi, ukwati ndi mwezi uno," anatero. "Ndipo ukasintha maganizo, kalata ya ayi ukaipereke wekha kwa Wull Spink yemweyo."