Asilikali Okhala ndi Maso

A Jenerale ankanyambita burashi. Asanaiviike mu penti ankaipititsa pakati pa milomo kuti nsonga isongoke, moti nthawi zambiri mlomo wawo unkakhala wobiriwira. Sanali msilikali ayi, anali kalaliki. Dzinalo anawapatsa ndi mkazi wawo, telala, chifukwa cha tiasilikali tapulasitiki, totalika ngati chala, timene ankatipenta pabalaza n'kupita nato Loweruka lililonse kumasewera a nkhondo ya pathebulo.

Pa zaka zinayi zimene anakhala limodzi m'nyumba ya telalayo, imene bambo ake anamusiyira, telala anadziwa chinthu chimodzi: amuna ake sankatha kujambula maso. Dzanja linkanjenjemera, ndiye ankangodetsa kunsi kwa chisoti n'kusiya.

Tsiku lina akupukuta fumbi ananyamula kamsilikali kamodzi, ndipo kanamuyang'ana. Maso awiri oyera, ali ndi kadontho kakuda pakati. Anapeza tina khumi totero. Wosewera aliyense amaika chizindikiro kunsi kwa tiasilikali take kuti tisasokonekere ndi ta anzake, ndipo cha a Jenerale chinali mtanda woyera. Koma apa, pambali pa mtandawo, panali kadontho kofiira ka penti wa m'zikhadabo.

Anatindandalika pathebulo n'kudikira. A Jenerale atabwera kuchokera kuntchito, amayi awo, amene anabwera kudzacheza mwezi umodzi koma chaka chinali chitatha, anali pampando wawo wa masiku onse.

"Bambo, dzanja lija linachira liti?" anafunsa telala.

"Dzanja lanji?"

"Msoko wa telala wina ndimauzindikira ndili patali. Maso awa wajambula ndani?"

A Jenerale anayamba kutsokomola. Amene anayankha ndi apongozi, mwachangu kwambiri.

"Ndine. Ndimamuthandiza mwana wanga inu mukapita kushopu. Nsanje mpaka pa zidole?"

"Inuyo amayi? Amene ndimakulowetserani ulusi pa singano?"

Telala anatenga burashi yopyapyala kwambiri m'bokosi, ndi kamsilikali kosapenta.

"Diso limodzi lokha, amayi. Mukajambula, ndigwada pompano ndipepese."

Apongozi anagwira burashi ngati supuni, n'kuimiza yonse mu penti mpaka pachitsulo. A Jenerale anadzambatuka.

"Amayi, osaviika yonse! Mwaipha! Si yanga imeneyo, ndi ya make mwana!"

Make mwana anali mkazi woyamba wa a Jenerale, amene iwo ankalumbira kuti anasiyana naye kalekale.

"Ohoo," anatero telala. "Ndiye nkhondo ya Loweruka imamenyedwera pathebulo la ndani?"

"Ndimvetse kaye, mkazi wanga. Timangopenta basi. Anzanga aja anasiya kusewera, ndiye..."

"Usamunyengerere!" apongozi anaponya burashi pansi, misozi ili chuchuchu. "Inde, ndine ndimanyamula tiasilikalito m'chikwama changa, kupita nato kwa make mwana n'kubwera nato. Uja anatipatsa mdzukulu. Inu mwatipatsa chiyani? Makatani?"

Telala analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka tiasilikali tiwiri tinagwa pashelefu. Analira, koma sanachedwe nako kulirako. Anatuluka ndi masutikesi awiri, ina ya amuna ake, ina ya apongozi, zovala zili kale m'kati.

Kenaka anakhala pathebulo ndi tizidutswa ta nsalu. Ankakulunga kamsilikali kamodzikamodzi kuti mikondo isathyoke, monga a Jenerale anamuphunzitsira, n'kumaika pakati pa malaya.

"Ukuwasamala chonchi bwanji ngati ukundithamangitsa?" anafunsa a Jenerale.

"Awa sanandilakwire. M'nyumba muno ndi okhawa amene andiyang'ana m'maso."

Anatseka zipi, n'kukaika masutikesi onse awiri pakhomo.

"Amayi, njira mukuidziwa ndinu. Atsogolereni."