Tsiku Limene Chikwapu Anafa

Anakumana pa siteji ya basi, mvula ikuwaza. Anthu anali atamutalikira ngati wamphere, poti nkhope yake ankaidziwa bwino. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akusewera ngati mwamuna womenya mkazi m'sewero la pa kanema, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti Chikwapu.

Mtsikana mmodzi yekha, telala wa mumsika, ndiye anamusendezera ambulera.

"Simukundiopa, chemwali?" anafunsa Chikwapu.

"Ndiope munthu wonjenjemera ngati mwanapiye?"

Basi, mtima wa mkuluyo unathera pomwepo! Foni inayamba kutentha ndi mauthenga.

"Duwa langa, wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ndikuganiza za iwe, wapamtima. Wotilekanitsa ndi manda okha."

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Chikwapu anapempha kukaonekera kwawo. Telala anagwetsa nkhope.

"Amayi akukana. Akuti sangapereke mwana wawo kwa chilombo chimene amachiona chikuswa mkazi Lachinayi lililonse."

"Komatu ndi sewero chabe!"

"Iwo sasiyanitsa. Ukadzasiya sewerolo, ndidzakugwira dzanja ndekha mpaka pakhomo."

M'mawa mwake Chikwapu anapita kwa wotsogolera sewero.

"Bwana, mundiphe."

"Wapenga? Ndi nkhope yakoyo, pa msinkhu wakowo, akupatsa gawo lina ndani?"

Koma wachikondi amamva? Anamuphadi. Anamugoneka m'bokosi la matabwa opyapyala, thonje m'mphuno, n'kumujambula katatu poti ankangomwetulira. Ntchito inathera pomwepo, iye mtima uli mbee.

Imfayo itaonetsedwa, anavala jekete n'kupita kwawo kwa telala osamuuza. Mayi ake a telala atatsegula chitseko anakuwa.

"Chikwapu! Pakhomo panga? Lowani, bambo, lowani! Ine ndinalira tsiku limene munafa. Popanda inu sewero lija lasukuluka."

"Mayi, simudana nane?"

"Chifukwa cha sewero? Ndine mwana ine?"

Chikwapu analowa m'nyumba.

"Mwana wanu sanakuuzeni za ine?"

"Mumadziwana? Ha, mwana wobisa nkhani uyu! Ndiye wakuitanani ku ukwati wake Loweruka? Zaka zitatu ali pa chibwenzi ndi mkamwini wangayo."

Pakhoma panapachikidwa diresi loyera. Telala anatuluka kuchipinda, singano ili kukamwa. Atamuona anabwerera n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Mayi sanaone kanthu. Anali kale ndi foni m'manja.

"Tachitani nkhope yolusa ija ndikujambuleni, anzanga akakhulupirire."

Chikwapu anayesa. Nkhope yolusayo inakana, misozi n'kuyamba kutsika mpaka pa kolala. Analira ngati mwana, bambo wamkulu, m'nyumba ya eni.

Mayi anaomba m'manja.

"Eee! Kulira pompopompo chonchi? Koma bambo inu ndinu katswiri!"